Kasamalidwe ka madzi a injini pa kaJimny ndi timotoka tina ta m'tchire, kuti tisawire mu Okutobala

Musanatsegule boneti, yambani mwayang'ana mkati mwa ketulo ya kunyumba kwanu. Ngati mumakhala kuno ku Lusaka ndipo madzi anu ndi a pa bohoo, mupeza zoyera zija zouma zitamatirira pansi ndi m'mbali, zija mumakwecha ndi sitiluwulu koma mwezi ukangotha zabwereranso. Lusaka inakhala pamwamba pa miyala ya laimu, ndiye madzi apansi amatuluka nayo laimuyo, ukawawiritsa imatsalira. Manje ganizani kuti madzi omwewo ndi amene ambirife timathira mu rediyeta m'mawa uliwonse ndi chigubu cha mafuta ophikira, ndipo injini ndi ketulo imene imatentha tsiku lonse, timipata ta mu rediyeta n'tating'ono kuposa kamwa ya ketulo kutalitali. Ine nkhani yonse ya kutentha kwa injini ndimaiyambira pamenepo.

Ndili ndi Suzuki Jimny ya 1.3, ija ya injini ya M13A, inabwera kuchokera ku Japan yogwirapo kale ntchito monga zambiri zimene zili pamsewu pano. Ndimapita nayo kumunda cha ku Chongwe pafupifupi sabata iliyonse, ndipo kangapo pachaka imandifikitsa kumudzi ku Katete. Zimene ndilembe pano zigwira ntchitonso kwa inu a Pajero Mini, Pajero iO, Terios ndi Cami, zosiyana ndizitchula pamene ndikuzidziwa. Timotoka timeneti tili ndi vuto limodzi lofanana: injini yaing'ono, rediyeta yaing'ono, madzi ochepa. Land Cruiser ikataya lita imodzi mwina simudziwa n'komwe, koma kamotoka konyamula malita 4, 5 kapena 6 okha, lita imodzi ndi gawo lalikulu. Ndiye timakagwiritsa ntchito yolemetsa, mu 4L, giya ya mphamvu yoyenda pang'onopang'ono ija, mumchenga, injini ikulira kwambiri koma motoka ikuyenda ngati munthu wapansi, mphepo yolowa kutsogolo palibe. Za 660cc zokhala ndi tebo zija ndiye zimafuna diso kwambiri.

Mwachidule mmene zimayendera: pampu imakankha madzi kuzungulira mu injini, madzi amatenga kutentha, themositati ikatseguka amapita ku rediyeta, mphepo imawaziziritsa, amabwereranso. Kapu ya rediyeta imasunga puresha kuti madzi asawire msanga. Fani imakoka mphepo pamene motoka yaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono. Basi. China chilichonse chimene tichite ndi kuonetsetsa kuti madzi akuyenda, mphepo ikudutsa, puresha siikuthawa.

Choyamba, kuyang'ana kwa m'mawa, kamodzi pa sabata

Injini ikhale yozizira, yoti inagona usiku wonse. Izi ndizibwereza kangapo chifukwa ndinaonapo dzanja la mnyamata wina wa pa kawochi, potsukira magalimoto paja, amene anatsegula kapu ya minibasi itangoima, khungu linachita kusupuka mpaka pachigongono. Kapu ya injini yotentha siitsegulidwa, ngakhale ndi nsanza, ngakhale mukufulumira bwanji.

Yang'anani kachigubu ka pulasitiki kali pambali pa rediyeta, kali ndi mizere iwiri, FULL ndi LOW. Madzi akhale pakati pa mizereyo. Koma musakhutire ndi kachigubuko kokha, tsegulaninso kapu ya rediyeta yeniyeniyo muone ngati madzi afika pakhosi, chifukwa zimachitika kuti kachigubu n'kodzaza pomwe rediyeta ili theka, kapu ikasiya kuyamwa madzi kubwezera mkati kapena kapayipi kopita ku kachigubu kakang'ambika. Onani mtundu wa madziwo. Obiriwira, abuluu kapena ofiirira koma oyera bwino, zili bwino. Akakhala ngati tiyi wamkaka kapena ngati madzi a m'ngalande za ku Kanyama nthawi ya mvula, mkati muli dzimbiri. Mukaona mafuta akuyandama pamwamba, imeneyo ndi nkhani ina, tifikako.

Kenaka gwadani muyang'ane pansi pomwe motoka inagona. Madzi oyera opanda fungo odontha cha kumbali ya pasenja mutayenda ndi eyakoni si vuto, ndi a eyakoniyo. Koma dontho lamtundu, lotererako mukaligwira ndi zala, lonunkhira motsekemera, imeneyo ndi kulanti, mankhwala amtundu aja osakaniza ndi madzi a mu rediyeta, fufuzani kumene yachokera. Kulanti ikadontha n'kuuma imasiya chizindikiro choyera kapena chobiriwira ngati choko, tsatirani chizindikirocho kukwera m'mwamba mpaka pomwe chayambira.

Chachiwiri, kapu

Kanthu kotchipa kuposa zonse koma kamene kamaphetsa injini zambiri. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndiye madzi wamba pano amawira pa madigiri pafupifupi 96, osafika 100 ngati kunyanja yamchere. Injini ikamagwira ntchito bwinobwino madzi ake amakhala m'ma 80 mpaka m'ma 90, mukuona kuti mpata ndi wochepa bwanji. Kapu ndi imene imakweza malire amenewo. Pamwamba pake pamalembedwa nambala, zambiri za ku Japan ndi 0.9 kapena 1.1, ndipo kapu ya 1.1 yogwira bwino imachititsa kuti madzi asawire mpaka atafika madigiri pafupifupi 120. Kapu ikafooka mwabwerera ku 96, pa phiri loyamba madzi ayamba kutumphuka n'kutulukira ku kachigubu.

Itembenuzeni muone mphira ziwiri zili kunsi. Ikakhala yolimba ngati pulasitiki, yong'aluka kapena yotupa, sinthani. Dinani sipuling'i ndi chala, ikhale yolimba. Pakati pali kavalavu kakang'ono kachitsulo, kakokeni pang'ono, kabwerere pamalo pake. Pogula tengani yakaleyo m'thumba, mugule ya nambala yomweyo ndi khosi lofanana, chifukwa makapu a ku Japan alipo amitundu iwiri yooneka ngati yofanana koma kunsi kwake n'kosiyana. Musalole kuti akugulitseni ya nambala yokwera ati ndiye yamphamvu, rediyeta za timotoka timeneti zili ndi mathanki a pulasitiki amene akalamba kale, puresha yowonjezera imang'amba pamsoko.

Chachitatu, mapayipi

Finyani payipi yaikulu yapamwamba ndi yapansi injini ili yozizira. Yabwino imakhala yolimbako koma imabwerera mukaisiya. Ikakhala yofewa ngati nthochi yakupsa, kapena youma yochita kulira mukaifinya, kapena yotupa pafupi ndi kilampu, nthawi yake yakwana. Musaiwale timapayipi tiwiri topita ku hita kumbuyo kwa injini, timabisika ndipo n'timene timaphulika pa ulendo. Payipi imene yanyowa ndi oyilo siikhalitsa, oyilo amadya mphira. Thanki ya pulasitiki ya rediyeta ikasintha mtundu kuchoka pa kuda kupita ku bulauni, yayamba kufumbwa, yambani kusunga ndalama ya rediyeta ina. Guluu pa thanki ngati imeneyo amangokufikitsani kunyumba, si kukonza.

Chachinayi, kutsuka kunja kwa rediyeta

Apa ndikhalitsapo, chifukwa kwa ife oyenda m'tchire apa ndi pamene pagona nkhani ndipo ambiri sayang'anapo.

Chaka china mu Okutobala ndikupita kumudzi, nditangowoloka mlatho wa Luangwa n'kuyamba kukwera mapiri aja opita ku Kacholola, kamuvi ka geji ya kutentha kwa injini kanayamba kukwera pang'onopang'ono. Madzi ndinali nditaona m'mawa, anali odzaza. Ndinaima pambali, ndinadikira, ndinapitiriza, kanakweranso. Ndinafika ku Nyimba mtima uli m'mwamba. Bambo wina wachikulire wokonza magalimoto pamenepo anamvetsera nkhani yanga osanena kanthu, anatenga tochi ngakhale kunali masana, anaiyatsa kumbuyo kwa rediyeta cha kufani, nandiuza kuti, "Mwana wanga, pita kutsogolo, undiuze ngati ukuona kuwala." Ndinasuzumira pa gilo, kuwala kumaoneka m'makona mokha. Anamasula mabawuti apamwamba, anapendeketsa rediyeta pang'ono, ndipo pakati pa rediyeta ndi kondensa ya eyakoni, yonga karediyeta kena kutsogolo kwake, anatulutsapo chinthu chonga bulangete, njere za udzu, fumbi, mapiko a tizilombo ndi matope ouma, zonse zitalukana. Zinali za mu Epulo ndi Meyi pamene ndinkadutsa mu udzu wautali kumunda, zinakhala mmenemo miyezi yonse yozizira osavuta, kutentha kutangofika zinadziulula. Kuyang'ana kutsogolo kondensa imaoneka yoyera ndithu, zinyalala zimabisala pakati.

Ndiye chitani chonchi. Injini yozizira. Chotsani gilo ya kutsogolo ngati imachoka mosavuta. Chitani za tochi zija kuti mudziwe mmene zilili. Masulani mabulaketi apamwamba a rediyeta, ikankhireni kumbuyo pang'ono chabe, osakakamiza, mapayipi akadali omangika. Udzu wouma uchotseni uli wouma, ndi kaburashi kofewa kapena mphepo ya kompuresa, mukayamba ndi madzi umasanduka phala n'kulowa mkati mwa timapeto. Mukatero tengani payipi ya madzi ya kumunda, thirani kuchokera kumbuyo, mbali ya injini, kuti zinyalala zitulukire komwe zinalowera. Madzi akhale ofatsa. Makina a puresha a pa kawochi amapinda timapeto ta aluminiyamu tija, n'topyapyala ngati pepala, tikagona mphepo siidutsanso. Anyamata a pa kawochi muwauze mwaulemu kuti pa rediyeta asayandikizepo mfuti yawo. Timapeto topindika mungatiwongole ndi kasikuludiraiva kakang'ono, modekha, osakhudza timapayipi tonyamula madzi.

Matope a nthawi ya mvula atsukeni tsiku lomwelo kapena mawa lake, dothi lofiira likauma mu rediyeta limalimba ngati njerwa. Ine ndimatsuka kawiri pachaka mosalephera, mu Juni udzu ukatha kuyoyola njere ndi kumapeto kwa Seputembala kutentha kusanafike, kuwonjezera pa masiku amene ndalowa m'matope. Nthawi ya njere ena amamanga kaneti kutsogolo kwa gilo, n'zothandiza ndithu bola muzikakutumula pafupipafupi ndipo mukachotse mukabwerera pa tara, chifukwa nakonso kamachepetsa mphepo. Ndipo inu okonda kumanga masipotilaiti anayi ndi winchi kutsogolo kwa kamotoka kakang'ono, dziwani kuti mukutseka mphuno yake.

Chachisanu, fani ndi lamba

Onani kaye kuti yanu ndi fani yotani. Jimny yanga ili ndi fani yoyendetsedwa ndi injini, yokhala ndi kalachi ya mafuta pakati. Zina ndi zamagetsi. Ya kalachi muiyese injini itazima, makiyi ali m'thumba: izungulitseni ndi dzanja, imveke kuti ikugwira pang'ono, iime msanga. Ikamazungulira yokha ngati tayala la njinga, makamaka injini itangotha kugwira ntchito, kapena mukaona mafuta atamata fumbi pakati pake, kalachi yatha. Chizindikiro chake pamsewu n'chakuti pa Great East Road mukuthamanga geji ili bwino, koma mukangoima mu jamu ya pa Kabwe Roundabout kamuvi kayamba kukwera. Yamagetsi isiyeni injini ilire pamalo amodzi mpaka itenthe, fani iyake yokha kenaka izime yokha. Ikapanda kuyaka yambani ndi fyuzi, kenaka rileyi, kenaka pulagi ndi sensa, mota ikhale yomaliza kuikayikira. Zala ndi malaya kutali, fani yamagetsi imayaka osachenjeza.

Chipulasitiki chozungulira fani chija chisachotsedwe. Amakanika ena akachithyola pomasula amangochitaya n'kunena kuti chilibe ntchito, chilitu ndi ntchito, ndi chimene chimapangitsa fani kukoka mphepo kudzera mu rediyeta m'malo mongoitakasa m'mbali.

Lamba woyendetsa pampu mumudine ndi chala chachikulu pakati pa mapule, alowe pang'ono chabe, asakhale ndi ming'alu kapena kunyezimira. Pa M13A pampu imayendetsedwa ndi lamba wakunja amene mukumuona. Pa Pajero iO pampu imayendetsedwa ndi taiming'i beluti mkati, ndiye tsiku losintha taiming'i beluti sinthirani limodzi ndi pampu, ntchito yomasula ndi imodzi yomweyo. Pampu ikayamba kutha imadontha pa kabowo kakang'ono kunsi kwake, kapena imalira mokhwekhwereza, kapena pule yake imagwedera mukaigwedeza.

Pamadzi akuya: powoloka mtsinje kapena chithaphwi chofika pa bampala, imani kaye injini ipume pang'ono, lowani mofatsa. Fani ikamenya madzi ili pa liwiro mapiko ake amapindikira kutsogolo n'kukala rediyeta.

Chachisanu ndi chimodzi, kusintha madzi onse

Mufunika beseni lalikulu, pulayala, fanelo, kulanti, ndi madzi osungunula aja ogulitsidwa ngati madzi a batire, malita 10 kapena kuposerapo ngati mkati muli dzimbiri. Werengani botolo bwino, akhale madzi okhaokha, osati asidi wa batire, mabotolo ake amafanana. Mukasowa, madzi a mvula osefa bwino ndi abwino kuposa a bohoo.

Za kulanti, werenganinso botolo. Ina ndi yosakaniza kale, imeneyo simuthiramo madzi. Ina ndi yokhathamira, imeneyo mumasakaniza theka kulanti theka madzi. Alipo onena kuti ku Zambia kulibe chisanu choumitsa madzi ndiye kulanti n'kutaya ndalama. N'zoona kuti madzi sauma kuno, koma ntchito yaikulu ya kulanti kwa ife ndi kuletsa dzimbiri ndi kudyeka kwa aluminiyamu, ndipo injini ya M13A ndi ya aluminiyamu, rediyetanso chimodzimodzi. Imathandizanso kuti madzi asawire msanga. Musatsike kuchepera pa gawo limodzi mwa magawo atatu, komanso musathire yokhathamira yokhayokha poganiza kuti ndiye bwino, payokha siinyamula kutentha ngati mmene madzi amachitira. Mtundu wa kulanti usakunamizeni, ziwiri zobiriwira zikhoza kukhala zosiyana mkati, ndipo zina zikasakanikirana zimachita matope. Ngati simukudziwa imene ili mkati, tsukani zonse muyambe mwatsopano ndi imodzi, mulembe dzina lake ndi tsiku m'kabuku. Samalani ndi mabotolo otchipa kwambiri amene ndi madzi opaka mtundu chabe, botolo linene kuti muli ethylene glycol ndipo likhale losatsegulidwa.

Injini yozizira. Ikani hita pa kutentha kwambiri. Tsegulani kapu. Ikani beseni pansi, masulani kapulagi kotulutsira madzi kunsi kwa rediyeta, n'kapulasitiki, ndi dzanja basi, kakakana musalimbane nako, masulani payipi yapansi m'malo mwake. Madzi atuluke onse. Zulani kachigubu, tayani zamkati, katsukeni, timiyala ting'onoting'ono ndi madzi n'kukhutchumula zimachotsa matope apansi. Tsekani, dzazani ndi madzi oyera, lizani injini mpaka mapayipi onse awiri atenthe, zimitsani, dikirani izizire, tulutsaninso. Bwerezani mpaka otuluka akhale oyera, kawiri, katatu, ya dzimbiri kwambiri mwina kanayi, ndi ntchito ya Loweruka lonse chifukwa cha kudikirako. Kutsuka koyamba mungagwiritse madzi a pampopi, komaliza akhale osungunula.

Apa pali kanzeru kamodzi. Mukatulutsa pa rediyeta, madzi ena amatsalira mu injini ndi mu hita. Ndiye ngati muli ndi kulanti yokhathamira, onani m'buku la motoka yanu kuti imalowa malita angati, thirani theka la nambala imeneyo kulanti yokhayokha poyamba, kenaka mudzazitse ndi madzi osungunula. Mukasakaniza kunja n'kuthira, madzi otsalira aja aisungunula kuposa mmene mumafunira.

Madzi akale musataye pabwalo. Kulanti ndi yotsekemera ndipo ndi poizoni, galu akanyambita pang'ono chabe impso zimafa, mwananso chimodzimodzi. Ithireni m'chigubu chotseka, mulembepo, musaiike m'botolo la zakumwa ngakhale kwa ola limodzi, ndipo isapite kufupi ndi chitsime kapena bohoo, madzi apansi a Lusaka ali pafupi kwambiri. Yotayikira pansi ikwirireni ndi mchenga muwole.

Kutulutsa mpweya ndiye kumene ambiri amafulumira. Imikani motoka mphuno ili m'mwamba pang'ono, pa kachitunda kalikonse. Thirani pang'onopang'ono, mukumafinya payipi yapamwamba, mumva kukubwibwita. Ikadzaza siyani kapu yotsegula, lizani injini, hita ili pa kutentha. Muona tithovu tikutuluka. Pakapita mphindi zingapo themositati itseguka, madzi atsika mwadzidzidzi, wonjezerani. Tithovu tikatha ndipo hita ikutulutsa mphepo yotentha mkati, tsekani kapu, dzazani kachigubu kufika pa FULL. Yendani pang'ono pafupi ndi kunyumba diso lili pa geji. Mawa m'mawa tsegulaninso kapu, muwonjezere, ndi mkuja womwe. Hita ikamatulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, mpweya ukadalimo kapena madzi ndi ochepa.

Kulanti wamba yobiriwira ndimasintha zaka 2 zilizonse. Zokhalitsa zija tsatirani zolembedwa pabotolo, koma ngati munathirapo madzi a m'njira pa ngozi, sinthani mukafika.

Chachisanu ndi chiwiri, themositati

Pano ndilankhula mosabisa, chifukwa motoka ikangofika kuchokera ku Japan pamapezeka wina wonena kuti, "Bwana, ichi n'cha kumaiko ozizira, tichotse." Ine ndimakana. Themositati yabwino siitenthetsa injini. Imatseka madzi kuti injini ifike msanga pa kutentha kwake koyenera, kenaka imatseguka, pa yanga palembedwa 82. Mukaichotsa, m'mawa wa mu Juni ndi Julayi injini imakhala yozizira nthawi yaitali, kompyuta imaona ngati siinatenthe ndiye imangothira petulo wambiri, mafuta amatha msanga, oyilo amada, mkati mumadyeka. Pa injini zina themositati yomweyo imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini, ikachoka madzi ena amangozungulira osapita ku rediyeta. Choipa kwambiri n'chakuti vuto lenileni, rediyeta yotsekeka ndi laimu kapena bulangete la udzu lija, limakhalabe pomwepo likudikira phiri.

Themositati imafa, zimenezo n'zoona, ndiye iyeseni. Tsatirani mapayipi aakulu kufika pa injini, ili mu kachibekete komangidwa ndi mabawuti awiri kapena atatu, pa zina ili ku payipi yapamwamba, pa zina ku yapansi. Ichotseni, imangeni ndi waya, ilendewere mu poto wa madzi pa mbaula osakhudza pansi. Madzi asanayambe kuwira iyambe kutseguka, akamawira ikhale itatseguka bwino, mukaitulutsa itsekeke yokha. Ikalephera chimodzi mwa izi gulani ina ya nambala yomweyo, pamodzi ndi mphira yake. Poika, ngati ili ndi kapini kogwedera m'mphepete, kayang'ane kumwamba, n'kotulutsira mpweya. Mabawuti ake akulowa mu aluminiyamu, mangani mofatsa.

Ngati kunja mwatsuka, kapu ndi yatsopano, fani ikugwira, themositati ikutseguka koma pa phiri ikutenthabe, rediyeta yatsekeka mkati. Injini ikatentha n'kuizimitsa, yandikizani dzanja pa rediyeta malo osiyanasiyana mosamala, mukapeza zigawo zozizira pakati pa zotentha ndiye kuti mmenemo madzi sakudutsa. Laimu yolimba siichoka ndi kutsuka kwa kunyumba. Okonza marediyeta amatha kumasula thanki n'kutokosa timapayipi, koma ya pulasitiki yokalamba nthawi zambiri kugula ina n'kwabwino. A otomatiki kumbukirani kuti mafuta a giyabokosi amadutsa mu thanki ya rediyeta yomweyo, ndiye rediyeta yowola ikhoza kulowetsa madzi mu giyabokosi.

Ikatentha muli pamsewu

Kamuvi kakadutsa malo ake a masiku onse musadikire kuti kafike pofiira. Zimitsani eyakoni, yatsani hita pa kutentha kwambiri ndi fani yake yonse, tsegulani mawindo, hita ndi karediyeta kena kakang'ono ndipo imathandiza ndithu. Pezani poima. Ngati palibe nthunzi kapena madzi otayika ndipo fani ikuzungulira, isiyeni ilire pang'ono muone ngati kamuvi katsika. Ngati pali nthunzi, madzi akuchucha kapena lamba waduka, zimitsani pompo. Tsegulani boneti nthunzi ikatha, dikirani theka la ola kapena kuposa, mpaka payipi yapamwamba itafewa yoti n'kuifinya ndi dzanja. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha kapena mkati mwake, aluminiyamu amapindika. Geji ikatsika yokha mwadzidzidzi itatha kukwera, hita n'kuyamba kutulutsa mphepo yozizira, musasangalale, mwina madzi atheratu ndipo sensa yangokhala pouma.

Za dzira, sopo ndi tsabola mu rediyeta ndimazimva, zimatseka kabowo inde, koma zimatsekanso timapayipi ndi hita. Ine kumbuyo ndimayenda ndi malita 5 a madzi osungunula, kapu yakale imene ikadali bwino, lamba wapadera, makilampu awiri, tepi ndi pulayala. Pa ngozi yeniyeni madzi alionse oyera ndi abwino kuposa kuyenda opanda madzi, muzatsuka mukafika.

Mukafika kunyumba itatenthapo kwambiri, iyang'anitsitseni masiku angapo. Tsegulani kapu ya oyilo muone ngati kunsi kuli zoyera ngati mayonezi, onani ngati oyilo pa dipisitiki wasanduka ngati tiyi wamkaka, ngati ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wosatha injini itatentha kale, ngati madzi akuchepa popanda podontha. Injini ili yozizira tsegulani kapu ya rediyeta, lizani, mukaona tithovu tikungotuluka mosalekeza kapena payipi yapamwamba ikulimba ngati tayala pakangopita mphindi imodzi, gasiketi ya hedi yapsa. Imeneyo musayende nayonso, ipite kwa makanika wodziwa, ndipo muwapemphe kuti hedi ikayezedwe ngati siinapindike asanaike gasiketi yatsopano, komanso afufuze chimene chinaitenthetsa poyamba, apo ayi gasiketi yatsopanoyo ipsanso pa mapiri omwewo a ku Luangwa.